Jean Laborde, kapitawo wa mizinga ya mfumukazi

Tsiku lina ndikuchokera ku Limbe kupita kwathu ku Thyolo, ndinakhala pa minibasi ndi anyamata awiri amene ankakangana za ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina ya tiyi. Wina ankawerengera malipiro, mnzake nyumba ya malata. Palibe anafunsako kuti anthu othyola tiyi amene akawayang'anirewo amalandira zingati. Ine, mdzukulu wa munthu amene anagwira thangata m'minda yomweyo, ndinakumbukira mbiri ya mzungu wina amene naye anafunafuna udindo osafunsa funso limeneli.

Dzina lake Jean Laborde. Anabadwira ku Auch, m'dziko la France, mu 1805, ndipo luso losula zitsulo analiphunzira kwa bambo ake. Atayesa mwayi ku India, chombo chimene anakwera chinasweka m'mbali mwa chilumba cha Madagascar mu 1831. Anafika pamtunda ali chimanjamanja.

Koma anafika nthawi yabwino. Mfumukazi Ranavalona I inali itatopa ndi kugula mfuti kwa azungu omwewo amene ankalisirira dziko lake. Mu 1829 Afalansa anali ataphulitsa madoko a kum'mawa. Boma linkafuna munthu woti apange zida pomwepo, ndipo Laborde, kudzera mwa mnzake wamalonda Napoléon de Lastelle, anadzipereka. Ntchito anaipeza. Anayamba ndi mfuti ku Ilafy, pafupi ndi likulu la Antananarivo.

Mu 1837 anasamukira ku Mantasoa, kumene kunali madzi, nkhuni ndi miyala ya chitsulo. Apa ndiye mnyamatayu anaonetsa zimene anali nazo m'mutu. Anamanga ng'anjo yaikulu yosungunulira chitsulo, nayamba kuumba mizinga ya boma. Pamalo omwewo pankapangidwanso onga, magalasi, sopo, njerwa ndi mbale zadothi. Ndi iyenso amene anamangira mfumukazi nyumba yachifumu yamatabwa yotchedwa Manjakamiadana. Taganizani abale anga: nthawi imeneyo David Livingstone anali asanaione n'komwe nyanja yathu, koma boma la anthu akuda linali ndi fakitale yakeyake ya mizinga.

Nanga ankanyamula miyala ndani? Ankadula nkhuni ndani? Olemba mbiri amati anthu pafupifupi 20,000 anatengedwa m'midzi kukamanga Mantasoa mwa lamulo lotchedwa fanompoana, ntchito ya mfumu yopanda malipiro. Ife a ku Thyolo sitifunika kutimasulira. Ndi thangata basi, lija agogo ankati munthu unkasiya munda wako ukumera udzu nthawi ya dzinja n'kumakapalira wa bwana, mpaka linathetsedwa mu 1962.

Mu 1857 Laborde analowa m'chiwembu cha Mfalansa mnzake Joseph Lambert chofuna kuchotsa mfumukazi pampando kuti palowe mwana wake Rakoto. Chiwembu chinaululika, azunguwo anapirikitsidwa. Tsono mverani zimene zinachitika ku Mantasoa: antchito aja, atangoona kuti bwana wapita, anaphwanya makina ndi nyumba zimene anamanga okha ndi manja awo. Ntchito ya zaka 20 inasanduka bwinja. Fakitale sinali yawo, ndiye akanaitetezeranji?

Mfumukazi itamwalira mu 1861, Laborde anabwerera, ndipo boma la France linamuika kukhala kazembe wake. Mizinga sinapangidwenso. Anamwalira mu 1878, manda ake ali ku Mantasoa komweko. Nkhani sinathere pamanda. Abale ake anafuna chuma chake, boma la Madagascar linakana poti mlendo sankaloledwa kukhala mwini nthaka, ndipo Afalansa anatenga mkanganowu ngati chimodzi mwa zifukwa za nkhondo ya 1883. Pofika 1896 chilumba chonse chinali m'manja mwa atsamunda. Munthu amene analembedwa ntchito kuti ateteze ufulu wa dzikolo, chuma chake chomwe chinakhala khomo lolowera adani.

Sindikunena kuti Laborde anali wopanda nzeru, ayi. Luso anali nalo, ndipo amisiri a ku Madagascar anaphunzira zambiri kwa iye. Koma inu ophunzira amene mukulemba makalata ofunsira ukapitawo, ndi inu amalonda amene muli ndi anyamata okusenzerani katundu mu msika wa Limbe, funsani kaye kuti thukuta la anthu anu likulipidwa bwanji. Agogo ankati ng'anjo imazima tsiku limene wopukusa mvukuto watopa.