Melito Woyera wa ku Sardis, Mlaliki wa Mwanawankhosa wa Pasaka

Chaka ndi chaka, mvula ikamatsazika ndipo chimanga chikamakhwima m'minda ya ku Chiradzulu, Akhristu a ku Nguludi ndi a m'matchalitchi ozungulira amasonkhana madzulo a Lachinayi Loyera, namva mawu a m'buku la Eksodo, mutu 12, onena za mwanawankhosa wophedwa ku Ejipito ndi za magazi ake opakidwa pa mphuthu za pakhomo. Ambiri amafunsa akatekisti kuti chikondwerero cha Ayuda chitikhudza bwanji ife. Funsoli ndi lakalekale, ndipo mmodzi mwa oyamba kuliyankha ndiye Melito Woyera.

Melito adali Episkopi wa ku Sardis, mzinda wa ku Asia Minor, m'dziko lotchedwa Turkey lero lino, pa masiku a Marcus Aurelius, mfumu ya Aroma imene idalamulira kuyambira 161 kufikira 180. Adali munthu wosakwatira, wodzipereka kwathunthu kwa Mulungu, kotero kuti ambiri ankamuyesa mneneri. Pamene Akhristu a ku Asia ankazunzidwa ndi kulandidwa chuma chawo, iye adalembera mfumuyo kalata yowatchinjiriza. Adayendanso ulendo wautali kunka ku Palestine kuti akadziwe bwino mabuku a Chipangano Chakale, ndipo mwa mindandanda ya mabukuwo imene Akhristu adatisiyira, wake ndiwo wakale koposa.

Pa nthawi imeneyo Akhristu a ku Asia ankachita Pasaka pa tsiku la 14 la mwezi wa Nisan, tsiku limene lamulo la Mose lidaika lophera mwanawankhosa, pomwe a ku Roma ankadikira Lamulungu. Melito ankatsata mwambo wa kwawo. Cha m'ma 190, Polycrates, Episkopi wa ku Ephesus, polembera Papa Victor za mkanganowu, adamtchula pakati pa oyera ogona kale m'manda. Pambuyo pa Msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325, mwambo wa Lamulungu ndiwo udakhazikika.

Ulaliki wake wa Pasaka udasowa zaka mazanamazana, mpaka udapezeka m'mipukutu yakale ya ku Ejipito, ndipo Campbell Bonner adausindikiza mu 1940. M'menemo Melito aphunzitsa kuti mngelo wowononga sadapambane nyumba za Aisraele chifukwa cha magazi a nkhosa chabe, koma chifukwa m'magaziwo adaonamo chithunzi cha imfa ya Ambuye. Adafanizira ndi mmisiri amene ayamba waumba kachitsanzo ka dongo kapena ka phula asanayambe ntchito yeniyeni. Ife kuno tidziwa zikhomo ndi chingwe zimene womanga ayalira maziko: sizili nyumba, koma zisonyeza pamene nyumba idzaime. Momwemonso Abele wophedwa, Isake womangidwa ndi Yosefe wogulitsidwa adali kulozera kwa Yesu Khristu, amene adatiombola ku ukapolo wa tchimo monga Aisraele adaomboledwa m'manja mwa Farao. Nchifukwa chake ansembe amawerenga ndime za ulalikiwu m'mapemphero awo a Lachinayi Loyera.

Koma tisabise: ngakhale woyera amapunthwa lilime. M'chigawo china cha ulalikiwo Melito adasenzetsa mtundu wonse wa Israele mlandu wa imfa ya Ambuye ndi mawu owawa, ndipo mawu otere adabala chidani ndi misozi m'mibadwo yotsatira. Pa 28 Okutobala 1965, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udaphunzitsa m'chikalata cha Nostra Aetate kuti mlanduwo sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi ija, kapena pa Ayuda a lero, pakuti Mulungu sabweza mphatso zake. Iwo akuchitabe Pasaka wawo kufikira tsopano, kuthokoza Mulungu yemweyo amene ife timpembedza.

Tsono inu akatekisti, pokonzekeretsa ophunzira a ubatizo, musalumphe Chipangano Chakale ngati nthano za anthu ena, pakuti wosadziwa mwanawankhosa wa ku Ejipito sangamvetse chifukwa chake wansembe, pokweza Ukaristia, atchula Mwanawankhosa wa Mulungu. Phunzitsani chithunzi pamodzi ndi chenicheni chake. Ndipo mwana akakufunsani amene adapachikitsa Yesu, mumkumbutse kuti adafera machimo athu tonse.

Melito Woyera, mutipempherere.