Abbas ibn Firnas, Nkhalamba ya ku Córdoba Imene Inavala Mapiko



Amene munakhalapo pansi pa chigafa masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mizere ili mbee kudikira mvula, munaonapo mphamba ikuzungulira m'mwamba osakupiza mapiko ngakhale kamodzi. Imangowatambasula basi, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kusanduka kadontho. Ife tikaiona timathamangira kukabisa anapiye, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma zaka zoposa 1,100 zapitazo kunali Msilamu wina amene anaziyang'anitsitsa mbalame n'kufuna kudziwa ngati munthu naye angathe kuyenda pa mphepo. Anayesadi, ndipo anavulala msana. Mbiri yake ndi imene takusankhirani m'kabuku kano.

Dzina lake linali Abu al-Qasim Abbas ibn Firnas. Anabadwa cha m'ma 810 m'dera la Ronda, kum'mwera kwa dziko limene lero timalitcha Spain. Masiku amenewo dzikolo linkatchedwa al-Andalus ndipo linali m'manja mwa Asilamu kuchokera pamene anawoloka nyanja mu 711. Makolo ake anali a mtundu wa Berber, anthu a kumpoto kwa Africa, choncho tikamamutchula tisamamuone ngati mlendo kwenikweni, magazi ake anali a kontinenti yathu yomwe ino. Moyo wake wonse wa uchikulire anakhala mu mzinda wa Córdoba, umene unali likulu, ndipo anaona mafumu atatu motsatizana: al-Hakam Woyamba, Abd al-Rahman Wachiwiri amene analowa ufumu mu 822, ndi Muhammad Woyamba amene analowa mu 852. Inali nyengo imene mzikiti waukulu wa mumzindawo unkakuzidwa, ndipo amalonda ankabwera ndi mabuku kuchokera ku Baghdad monga ena amabwerera ndi nsalu.

Ntchito imene inamulowetsa ku nyumba ya mfumu inali ya ndakatulo, koma mutu wake sunali wokhala pamodzi. Wamalonda wina anabweretsa buku la al-Khalil ibn Ahmad wa ku Basra, lofotokoza kayezedwe ka ndakatulo za Chiarabu. Bukulo linangokhala m'nyumba ya mfumu, ophunzira akulitembenuza osatolapo kanthu, ena mpaka kumaliseka. Abbas analitenga, nakhala nalo pansi, n'kulimasula. Mfumu inamupatsa mphoto, ndipo dzina lake linayamba kumveka.

Kuchokera apo manja ake sanapume. Anapeza njira yopangira galasi kuchokera ku miyala ndi mchenga, komanso yodulira mwala wonyezimira wa kristo umene kale ankachita kuutumiza ku Egypt. Anapanga wotchi yoyendera madzi n'kuipereka kwa mfumu Muhammad, yothandiza kudziwa nthawi ngakhale usiku kapena kunja kutachita mitambo. Inu amene mumadzuka kudya daku mutatchera alamu ya foni, taganizirani muadhini wa nthawi imeneyo usiku wa mvula, nyenyezi zosaoneka, tambala naye atasokonezeka. Anapanganso chida cha mikombero yachitsulo chosonyeza kayendedwe ka zakuthambo. Ndipo m'nyumba mwake anakonza chipinda chimodzi kukhala ngati thambo, moti wolowamo ankaona nyenyezi, mitambo ndi mphenzi, n'kumva mabingu. Anthu anamutcha Hakim al-Andalus, kutanthauza wanzeru wa dziko la al-Andalus.

Tsono mukudziwa kale mmene anansi amachitira ndi munthu amene m'nyumba mwake mukumveka mabingu kunja kuli ngwee. Anamunenera kuti ndi wamatsenga ndiponso kuti wapotoka pa chipembedzo. Mlandu unafika pamaso pa Qadhi wa mzindawo, Sulayman ibn Aswad, mboni zinabwera zambiri, aliyense ndi zake. Qadhi anamvetsera modekha, napeza kuti m'zonenazo munalibe umboni, munali mantha ndi umbuli chabe. Anam'masula.

Nkhani iyi ine imandikhudza chifukwa si ya kutali. Kuno kwathu munthu akangomveka kuti akufuna kuuluka, chimene chimabwera m'mitu ya anthu ndi lichero la usiku. Pajatu ku Wimbe konkuno, cha m'ma 2002, mnyamata William Kamkwamba ankatola zitsulo kudzala, zidutswa za njinga ndi mapaipi, anthu n'kumati mwana wapenga, ena n'kumati ndi chamba. Mphepo itazungulitsa makina ake babu n'kuyaka, omwe aja anabwera kudzatchajitsa mafoni. Abbas anapulumuka chifukwa anapeza woweruza wofunsa umboni asanagamule. Ana athu ambiri a manja oyabwa chonchi mlandu wawo umathera pa khonde, woweruza ali bambo kapena malume, chigamulo chili mkwapulo.

Tifike pa mapiko. Olemba ambiri amaika nkhaniyi cha m'ma 875, pamene Abbas anali ndi zaka pafupifupi 65. Tamvani bwino, zaka 65, msinkhu umene ambiri a ife timakhala tikupempha mpando wotsamira mu mzikiti. Anadzikuta ndi nthenga, anamangirira mapiko awiri pathupi pake, anakwera pamalo okwera anthu akuonerera, n'kudziponya mu mphepo. Sanagwe ngati mwala ayi. Anayandama mtunda ndithu monga ichitira mbalame. Vuto linadza potera. Anafika pansi mwamphamvu n'kuvulala msana kwambiri.

Nkhaniyi inasungidwa ndi wolemba mbiri al-Maqqari, amene anamwalira mu 1632, m'buku lake lotchedwa Nafh al-Tib, potsatira olemba akale. Palinso umboni wa m'nthawi ya Abbas yomweyo, wochokera kwa munthu amene sankamufunira zabwino. Mu'min ibn Said, mlakatuli mnzake wa ku nyumba ya mfumu amene ankakonda kumunyoza, analemba ndakatulo yotchula za kuuluka kwake atavala nthenga. Mdani akavomera kuti unauluka, ndiye kuti china chake chinachitikadi. Koma ndikuchenjezeni, abale. Za pa intaneti zoti anakhala m'mwamba mphindi 10 ndi zokometsera za masiku ano, mabuku akale sanatchule mphindi. Munthuyu safunika kumuwonjezera mchere, zimene anachita n'zokwana.

Chimene chinalakwika mabuku akalewo anachitchula mosabisa: analibe chipsepse. Taonani nkhunda ikamatera pa denga. Imatukula chifuwa, imatambasula nthenga za kumchira ngati chikupizo n'kuzitsitsa, liwiro n'kutha, miyendo n'kugunda pansi mofatsa. Mapiko amanyamula, koma chowongolera kuti mutu uloze m'mwamba kapena pansi chili kumbuyo. Abbas anathera nzeru zake pa chonyamula, chowongolera n'kutsalira. Ndipo sanali yekha. Patapita zaka zoposa 100, m'monke wina wa ku England, Eilmer wa ku Malmesbury, analumpha pa nsanja atavala mapiko, nayandama pang'ono, n'kuthyoka miyendo yonse iwiri. Nayenso anadandaula za mchira womwewo.

Panapita zaka mazanamazana kuti nkhani ya mchirayi ikonzeke. George Cayley wa ku England ndiye anasiyanitsa bwino ntchito ya mapiko ndi ya mchira, ndipo mu 1853 ndege yake yopanda injini inanyamula munthu. Otto Lilienthal wa ku Germany anauluka maulendo oposa 2,000 kuchokera pa zitunda, koma mu Ogasiti 1896 mphepo inamutembenuza, nagwa, n'kumwalira tsiku lotsatira. Wilbur ndi Orville Wright a ku America, amene timawadziwa ndi ndege ya injini ya mu 1903, anayamba aphunzira kuwongolera ndege yopanda injini, ndipo mu 1902 anaiika chiwongolero chotembenuka kumchira.

Ndege zopanda injinizi zilipo mpaka lero, Azungu amazitcha glider. Ku Joni kuli makalabu ake, moti mu 2001 mpikisano wa dziko lonse unachitikira ku Mafikeng. Imakwezedwa m'mwamba ndi chingwe, chokokedwa ndi makina a pansi kapena ndi ndege ina ya injini, ikafika pamwamba chingwe n'kumasulidwa. Kuchokera pamenepo imakhala ikutsika pang'onopang'ono. Yophunzitsira wamba ikatsika mita imodzi imakhala itapita kutsogolo mamita 30 kapena kuposerapo. Kuti ikwerenso imachita zimene imachita mphamba ija. Dzuwa likawotcha nthaka yopanda udzu, mpweya wa pamenepo umatentha n'kumakwera ngati utsi wosaoneka. Kamvuluvulu amene amanyamula mapesi ndi mapepala m'minda mwathu ndi phazi la mpweya wokwerawo. Woyendetsa akaupeza amazungulira m'kati mwake, iwo n'kumukweza. Nthawi zina amachita kuyang'ana pamene mbalame zikuzungulira n'kupita pomwepo.

Chimene Abbas analibe, choposa ngakhale chipsepse, ndi mphunzitsi. Ulendo wake woyamba unali mayeso ake omaliza. Lero wophunzira sayamba yekha. Ndege yophunzitsira ili ndi mipando iwiri, wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo, aliyense ndi ndodo yake yowongolera, ndodozo zili zolumikizana. Mwana akalakwitsa, dzanja la mphunzitsi limakhala lili pomwepo. Amauluka chonchi maulendo makumimakumi, ndipo gawo lalikulu la maphunzirowo si kukwera ayi, ndi kutera. Mphunzitsi amatha kumasula chingwe mwadala ali pakati pokwera, kuti aone ngati wophunzira adziwe kotera mosataya nthawi. Chifukwa chake n'chakuti ndege ya injini ikaphonya bwalo imawonjezera moto n'kukazungulira kuti iyesenso, pamene iyi ilibe kachiwiri. Amene tinagwirako dzanja la mwana polemba alifu woyamba tikudziwa kuti povuta si pogwira, ndi posiya. Mphunzitsi wa ndegezi amatsika tsiku lina n'kumuuza wophunzira kuti apite yekha, iye n'kutsala pansi akuyang'ana m'mwamba.

Palinso china chimene Abbas sanakumane nacho. M'masiku ake thambo linali la mbalame zokha. Lero lili ndi malire ngati minda, kungoti malire ake saoneka ndi maso, ali pa mapu. Mukamapita ku Lilongwe pa msewu wa M1, mukafika cha ku Lumbadzi, mumaona ndege zikutsikira pa bwalo la Kamuzu. Mlengalenga mozungulira bwalo lotere muli m'manja mwa ogwira ntchito pa nsanja, ndipo palibe chouluka chimene chimalowamo popanda chilolezo chawo pa wailesi. Ndege yonyamula anthu imabwera pa liwiro la makilomita mazana pa ola, ndipo glider ndi yoonda, yoyera, yovuta kuiona. Kuwonjezera apo, wa pa nsanja akalamula kuti ukhale pa msinkhu wakutiwakuti, ya injini imamvera mosavuta, pamene yopanda injini imadalira mpweya umene suumvera munthu. N'chifukwa chake makalabu amene ali pafupi ndi mabwalo akuluakulu amaphunzitsa mapu ndi wailesi molimba ngati mmene amaphunzitsira ndodo. Wophunzira amatha kupeza mpweya wabwino ukumukweza mokoma, koma akaona kuti wayandikira denga limene analoledwa, kapena kuti mphepo ikumukankhira kumalire, ayenera kuusiya n'kutsika. Kunena zoona ine pamenepa ndi pamene ndimaona kuti pali mayeso enieni, chifukwa kusiya chinthu chikukoma n'kovuta kuposa kupirira chowawa.

Zoterezi zinafikapo pa Kasungu pompano. Mu Juni 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF anapatula mlengalenga mozungulira bwalo la ndege la pa boma pano, makilomita 40 mbali zonse, kuti muziyeseredwa tindege topanda munthu m'kati, tija amati ma drone, tonyamula zinthu za chipatala ndi kujambula malo. Sanangotiulutsa mwachisawawa, panali malire a kutalika ndi msinkhu, ndiponso chilolezo cha a zandege. Mu Novembala chaka chomwecho kandege kotchedwa EcoSoar, kamene anakalumikiza ndi ophunzira a ku Malawi mothandizidwa ndi a sukulu ya Virginia Tech ya ku America, kanauluka kokha makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode mpaka pa bwalo la Kasungu. Kanali kopepuka, ka zipangizo zotchipa.

Abbas ibn Firnas anakhalabe ndi moyo zaka zingapo atavulala, ndipo anamwalira ku Córdoba mu 887, chaka cha 274 pa kalendala ya Hijra. Allah amuchitire chifundo. Ufumu wa Asilamu ku al-Andalus unatha mu 1492, koma dzina lake silinathe nawo. Pa msewu wopita ku bwalo la ndege la Baghdad anaimikapo chipilala chake, atatambasula mapiko. Mu 2011 ku Córdoba anatsegula mlatho pa mtsinje wa Guadalquivir n'kuutcha dzina lake. Ndipo mu 1976 akatswiri a zakuthambo anapereka dzina la Ibn Firnas ku chigwa china chachikulu cha pa mwezi, chotambalala makilomita oposa 80. Madzulo aja tinaima panja pa mzikiti tikufunafuna mwezi wa Eid kumadzulo, chigwacho chinali pomwepo, kungoti chili kuseri, mbali imene siyang'ana dziko lapansi.