Abul Qasim Al-Zahrawi, dokotala amene adalemba za chithokomiro

Abul Qasim Khalaf ibn Abbas Al-Zahrawi (Allah amuchitire chisoni) adabadwa cha m'ma 936 pafupi ndi mzinda wa Cordoba, m'dziko limene lero ndi Spain. Nthawi imeneyo derali linkatchedwa Andalus ndipo linkalamulidwa ndi Asilamu. Dzina loti Al-Zahrawi lidachokera ku Madinat al-Zahra, mzinda wachifumu umene udamangidwa kunja kwa Cordoba, komwe iye adagwira ntchito ngati dokotala wa Khalifa Al-Hakam wachiwiri.

Atachiza anthu kwa zaka zambiri, cha m'ma 1000 adamaliza buku lake lotchedwa Al-Tasrif, la zigawo 30. Chigawo chomaliza chinali cha maopaleshoni okhaokha, ndipo m'menemo adajambula zida pafupifupi 200 kuti ophunzira azizipanga poonera. Ophunzirawo ankawatcha ana ake, ndipo adawachenjeza kuti munthu wosadziwa kayendedwe ka mitsempha m'thupi asagwire mpeni, angaphe wodwala.

Chenjezo limeneli limaoneka bwino pamene akufotokoza za chithokomiro, chotupa cha kutsogolo kwa khosi. Adaona kuti chimagwira kwambiri amayi. Adachigawanso m'mitundu: china adati n'chachibadwa ndipo mpeni sungachithetse, china n'chonga thumba la mafuta, chomwe chingachotsedwe chikakhala chaching'ono, china n'chodzaza mitsempha ya magazi, ndipo kuchicheka n'kuika moyo wa munthu pachiswe. Apa m'pamene pali ukadaulo wake weniweni. Munthu wokhala ndi zida zochuluka chotero akadatha kumangocheka aliyense, koma iye ankayamba wafufuza mtundu wa chotupacho. Adalembanso za opaleshoni ya amuna otupa mabere, vuto lina limene lero tikudziwa kuti limayamba ndi mahomoni.

Chomwe chimatupitsa khosi sichinkadziwika m'nthawi yake. Ayodini adatulukiridwa mu 1811, ndipo mu 1820 dokotala Coindet wa ku Geneva adayamba kuchizira chithokomiro. Lero n'zodziwika kuti pakhosi pali kachiwalo kamene kamapanga mahomoni oyendetsa mphamvu za thupi, ndipo kakasowa ayodini kamakula.

Izi zikutikhudza ife a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Kande, Chintheche mpaka ku Usisya. Chinangwa chowawa chikapanda kuviikidwa mokwanira chimatsala ndi poizoni amene amalepheretsa kachiwalo kaja kugwiritsa ntchito ayodini. Kondowole alibe mlandu ngati chinangwacho chanyowa masiku okwanira n'kuuma bwino. Vuto limabwera pa nthawi ya njala, pamene anthu amachivuula msanga. Usipa ndi nsomba zina za m'nyanja yathu zilibe ayodini wochuluka ngati za m'nyanja ya mchere, n'chifukwa chake mchere wa m'paketi wothira ayodini ndi wofunika pakhomo, makamaka kwa mayi woyembekezera, poti ubongo wa mwana umakula ndi mahomoni omwewa.

Mwana wathu amene akuphunzira udokotala lero amayambira pomwe Al-Zahrawi ankayambira, kufunsa ndi kukhudza khosi. Kenako amayeza magazi kuona TSH ndi T4. Mahomoni akachepa munthu amafooka, amanenepa, amamva kuzizira, ndipo amapatsidwa levothyroxine. Akachuluka mtima umathamanga, thupi limaonda, manja amanjenjemera, ndipo mankhwala ake ndi monga carbimazole. Opaleshoni imabwera pamene chotupa chikutsekereza mpweya kapena chakudya, kapena pakakhala kukayikira khansa, ndipo wodwala wa kwathu kuno amatumizidwa kuchokera ku chipatala cha Nkhata Bay kupita ku Mzuzu Central.

Al-Zahrawi adaona mapeto a mzinda wake. Mu 1010, pa nkhondo yapachiweniweni, Madinat al-Zahra idafunkhidwa, ndipo iye adamwalira cha m'ma 1013. Patapita zaka zoposa 100, Gerard wa ku Cremona adamasulira chigawo cha maopaleshoni chija m'Chilatini ali ku Toledo. Madokotala a ku Ulaya adachiphunzira kwa zaka mazana angapo, akumutchula mwini wake kuti Albucasis.