Walt Disney ndi mbewa yake

Kodi munaonako cithunzi ca mbewa ya makutu aakulu pa cola ca mabuku kapena pa malaya a salaula? Ngakhale kuno ku Bundabunda ana ambiri amaidziwa. Dzina lake ni Mickey Mouse. Kuno mbewa ni ndiwo, koma mbewa iyi inalemeretsa munthu wina dzina lake Walt Disney.

Walt anabadwa pa 5 Disembala 1901 mumzinda wa Chicago ku America. Ali ndi zaka zinai, banja lao linasamukira ku famu ku Marceline. Kumeneko anayamba kujambula ziweto. Tsiku lina anajambula kavalo wa munthu wina wa pafupi, ndipo munthuyo anamulipira.

Mu 1911 anasamukira ku Kansas City. Atate ake anamupatsa nchito yopereka manyuzipepala m'makomo. Anali kuuka kukali mdima, ngakhale m'nyengo yozizira kwambiri. Pofika kusukulu anali wotopa, nthawi zina n'kumaodzera m'kalasi. Koma kujambula sanaleke.

Atakula anayamba kampani yopanga makatuni, zithunzi zojambula pamanja zimene zimayenda pa kanema. Kampaniyo inagwa mu 1923, ndalama zonse zinatha. Walt anakwera sitima kupita ku Hollywood, kumene anayamba kampani ina pamodzi ndi mkulu wake Roy.

Kumeneko anapanga katuni ya kalulu wochedwa Oswald, ndipo anthu anaikonda. Koma mu 1928 anamulanda kaluluyo, cifukwa pamapepala a pangano mwini wake inali kampani ina. Anchito ake ambiri anamuthawa. Zinamuwawa zedi. Kucokera apo anaphunzira kusunga umwini wa nchito yake. Caka comweco iye ndi mnzake Ub Iwerks anapanga Mickey Mouse, ndipo Walt ndiye anali kulankhula mau a mbewayo.

Mu 1937 anatulutsa filimu yaitali yochedwa Snow White and the Seven Dwarfs. Nkhani yake anaitenga m'nthano yakale ya ku Germany, monga nthano zimene agogo amatisimbira madzulo. Mu 1955 anatsegula malo aakulu a masewera ochedwa Disneyland.

Walt anali kukoka fodya kwambiri. Anadwala khansa ya m'mapapo ndipo anamwalira pa 15 Disembala 1966, ali ndi zaka 65.

Kampani yake ikalipo mpaka lero. Mafilimu ake amaoneka pa wailesi ya kanema ndi pa mafoni m'maiko ambiri. Mu 1994 inatulutsa The Lion King, nkhani ya mkango wa mu Africa. Lero kuli ana amene amadziwa Mickey Mouse koma sangathe kusimba nthano imodzi ya Kalulu ndi Fisi. Nanga nthano zathu adzajambula ndani? Walt anayambira pa famu, ndi pensulo cabe. Pensulo nanunso muli nayo.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi Walt Disney anabadwa caka citi?
2. N'cifukwa ciani anali kuodzera m'kalasi?
3. Anaphunzira ciani atamulanda Oswald?
4. Pemphani agogo kapena makolo anu akusimbireni nthano ya Kalulu. Jambulani zithunzi zitatu za nthanoyo ndipo mulembe dzina lanu pansi pake.