James Frederick Sangala, Kalaliki wa ku Blantyre

A James Frederick Sangala adabadwira ku Naisi, kufupi ndi Zomba, cha m'ma 1900, m'dera limene Mishoni ya Domasi idayamba kugwiramo ntchito m'chaka cha 1884. Adaphunzira m'sukulu za Mishoni ya Blantyre, ndipo atatsiriza maphunziro adakhala mphunzitsi ku Domasi komweko. Malipiro a mphunzitsi wa mishoni anali ochepa kwambiri, motero patapita zaka zingapo adasiya choko nakafuna ntchito ku Limbe ndi ku Blantyre, kumene adagwirako ukalaliki ndi ukapitawo kwa amalonda osiyanasiyana. Kuyambira m'chaka cha 1930 adaloŵa ntchito ya Boma ngati kalaliki, ndipo mu 1942 adasankhidwa kukhala womasulira pa Bwalo Lalikulu la Milandu ku Blantyre.

Masiku amenewo tauni ya Blantyre inali ndi khonsolo yake, koma Mwafirika analibe mpando m'menemo, ngakhale kuti iye ndiye ankalambula misewu yake ndi kuumba njerwa za nyumba zake. Umeya sudali chinthu choti munthu wakuda n'kuchilota. Ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba nako, amene ankalankhulira Aafirika anali mmishonale wachizungu, kufikira mu 1949 pamene Aafirika aŵiri oyamba adaloŵamo. Khomo lotseguka linali limodzi lokha: mabungwe a eni dziko, amene ankakumana m'maboma osiyanasiyana nalembera Bwanamkubwa makalata a madandaulo. A Sangala adadzipereka ku bungwe la ku Blantyre, ndipo m'zaka za m'ma 1930 adasanduka mmodzi wa atsogoleri ake.

Nkhani zimene ankalimbana nazo zingaoneke zazing'ono kwa mbadwo wa lero, koma zinkaluma mumtima. Munthu wamkulu ankayenera kuvula chipewa pamaso pa Mzungu aliyense. M'masitolo ena ankagulira pawindo. Mwana wanzeru ankathera maphunziro panjira chifukwa cha kusoŵa kwa sukulu za sekondale. Kalaliki amadziŵa kumene kalata imathera ikafika mu ofesi, ndipo a Sangala adaona ndi maso awo kuti dandaulo lochokera ku boma limodzi silivuta kuliika pambali. Bungwe la ku Blantyre linkalira palokha, la ku Zomba palokha, la kumpoto palokha, ndipo olamula sankasoŵa nazo tulo.

Apa ndipo padagona ntchito yaikulu ya moyo wawo. M'chaka cha 1943, molimbikitsidwa ndi Mzungu wina dzina lake W. H. Timcke, adaitanitsa msonkhano ku Blantyre ndi kulemba kalata kwa Aafirika onse a m'Nyasaland, ngakhale amene anali kunja pa ntchito, kuwapempha kuti alankhule ndi pakamwa pamodzi. Zipatso zake zidaoneka mu Okutobala 1944, pamene Nyasaland African Congress idachita msonkhano wake woyamba ku Blantyre nisankha a Levi Mumba, ophunzira ku Livingstonia, kukhala pulezidenti. Mwini wake wa ganizolo sadakhalepo, pakuti Boma linali litawasamutsira ku Dedza. Adawasankhabe m'komiti yaikulu iwo kulibe. N'kovuta kukhulupirira kuti kusamutsako kudangochitika mwangozi. Anzawo ankawatcha Pyagusi, ndiko kuti munthu wopirira, ndipo dzinalo lidawayenera.

Kupirirako kudayesedwa msanga. A Mumba adamwalira mu Januwale 1945, patangopita miyezi itatu. A Charles Matinga, amene adaloŵa m'malo mwawo, adachoka pampando mu 1950 pa nkhani ya ndalama za bungwe, ndipo anthu ambiri adataya mtima. Chaka chomwecho msonkhano wa ku Mzimba udasankha a James Chinyama kukhala pulezidenti, a Sangala nakhala wachiŵiri wawo. Posakhalitsa adapuma pa ntchito ya Boma nayamba kuumba njerwa zogulitsa, kuti azilankhula zandale popanda wowagwira pakamwa.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa pa 1 Ogasiti 1953, anthu ndi mafumu awo akukana. M'milungu yotsatira kudabuka zipolowe ku Thyolo ndi m'madera ena a kummwera, anthu khumi ndi mmodzi naphedwa. Congress idafooka, ndipo mu Januwale 1954 upulezidenti udagwera a Sangala, pa nthaŵi imene ambiri sakadaufuna. Iwo ankadana ndi Chitaganya ndi mtima wonse, koma ankakana njira ya chiwawa. Ufulu ankaufuna kudzera m'misonkhano, m'makalata ndi m'malamulo. Kufatsa kumeneku sikudawatchinjirize: mu 1956 Boma lidawatengera kubwalo pamodzi ndi mlembi wamkulu wa Congress, a T. D. T. Banda, pa mlandu wa kuutsa mtima woukira Boma. Munthu amene adamasulira milandu ya ena adaima yekha m'bokosi.

Chidawagwetsa sichidachokere kwa atsamunda, koma m'nyumba mwawo momwe. Mu 1956 anyamata ophunzira kunja, a Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume, adaloŵa m'Nyumba ya Malamulo. Iwoŵa ankafuna kuti a Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano atuluke m'nyumba ya malamulo ya Chitaganya ku Salisbury, poti kukhalamo kunali ngati kuvomereza chinthu chimene mtundu udakana. Kwa anyamataŵa, mkulu wa makalata uja anali wozengereza. Mbali ina ankanena zoona, pakuti nyengo ya madandaulo aulemu inali itatha. Koma bungwe limene ankafuna kulifulumizalo sakadalipeza pakadapanda iyeyo. Mu Januwale 1957 a Sangala adatula pansi udindo, a T. D. T. Banda naloŵa m'malo mwawo. Pa 6 Julayi 1958 Dr. H. Kamuzu Banda adatera pa Chileka kudzatsogolera Congress yomweyo.

Kuyambira pamenepo dzina la a Sangala lidazilala m'zandale, ndipo pamene Malaŵi adalandira ufulu mu 1964 iwo sadali pakati pa nduna. M'chaka cha 2012, iwo atagona kale, Banki Yaikulu ya Malaŵi idaika nkhope yawo pa ndalama yapepala ya K100.