Kapeni, mfumu imene inafika kuno ngati mlendo



Anthu ambiri mu Blantyre muno amalemba T/A Kapeni pa fomu ya chiphaso cha unzika osaganizako kuti dzinali linali la munthu, amene anafika m'mapiri ano atasenza katundu pamutu, nkhondo ili m'mbuyo mwake. Ine ndimakhala ku Bangwe, ndipo ndikamafufuza kumene makolo athu anachokera, dzina limeneli ndimakumana nalo pafupipafupi. Ndiye lero tiyeni timudziweko mwini wake.

Kapeni anali Myao wa gulu la Amangochi. Kwawo kwenikweni kwa Ayao ndi ku Mozambique, kufupi ndi mtsinje wa Lujenda, koma gulu lakeli linali litakhazikika m'mapiri a Mangochi. Cha m'ma 1860 Ayao anzawo a gulu la Amachinga, amene nawonso ankathawa nkhondo ndi njala kwawo, anawakankhira kummwera. Kapeni ndi mbumba zake anadzamanga pa phiri la Soche, m'dziko la Amang'anja. Tisabise, sanalowe mwaulemu wokhawokha ayi. Inali nthawi ya mfuti ndi malonda ogulitsa anthu, midzi ya Amang'anja inapasuka, ndipo njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 inamaliza zotsala. Amene akufuna mbiri ya makolo yopanda banga, kuno saipeza.

Mu 1876 kunabwera Henry Henderson wa mpingo wa ku Scotland, akutsogoleredwa ndi Tom Bokwito, kufuna malo omangapo mishoni. Kapeni anawaloza malo a pakati pa Soche ndi Ndirande, pafupi ndi mtsinje wa Mudi, ndipo pa 23 Okutobala chaka chomwecho anayamba kukhalapo. Malowo anawatcha Blantyre, dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Ena amati mfumuyi inapusitsidwa. Ine sindiona choncho. Angoni a Maseko ankabwera kudzafunkha, ndipo mfumu yochenjera inkadziwa kuti azungu okhala ndi mfuti ndi nsalu ndi bwino akhale pafupi nawe kusiyana ndi kukakhala kwa mdani wako. Mu 1884 Angoni atafikadi, anthu anathawira m'mapiri, ena ku mishoni komweko.

Koma ubalewo sunali wa uchi wokha. Akapolo othawa ankabisala ku mishoni, zimene zinkakwiyitsa mafumu a Chiyao ozungulira. Kenako kunabwera kampani ya African Lakes, imene nyumba yake ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ilipobe mpaka lero. Boma la Britain litalowa mu 1891, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim, zotsimikiza kuti malo amene azungu anapatsidwa ndi mafumu ndi awo mpaka kalekale. Kwathu kuno mfumu ikapatsa mlendo malo, ndiye kuti yamulola kulima ndi kumanga. Pa pepala zinasanduka kugulitsa. Mlendo anasanduka mwini, eni ake nkumalipira thangata.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tiimepo pang'ono, ife amene tikufufuza mitundu yathu. Zambiri za Kapeni zinalembedwa ndi alendo, monga m'busa Duff Macdonald m'buku lake la Africana la mu 1882. Mapepala ena ali ku National Archives ku Zomba, ena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Ukawawerenga mothamanga umaganiza kuti Kapeni anali munthu mmodzi amene anakhala zaka zoposa 100. Ayi ndithu. Kwa Ayao dzina la ufumu limalowedwa, ndipo wolowa amachokera ku chikazi, m'bale wake wa mfumu kapena mwana wa mlongo wake. Kapeni wa mu 1876 si Kapeni wa m'mapepala a 1950. Ngati agogo anakuuzani kuti ndinu a kwa Kapeni, afunseni kuti Kapeni wake uti, komanso kudzera mwa mayi uti.

Ife achinyamata tinazolowera kutsata dzina la bambo chifukwa ndi limene lili pa satifiketi ya sukulu. Nalonso ndi lofunika, chipembedzo chathu sichilola kuti mwana achotsedwe dzina la bambo wake. Koma makolo athu ankakhala chikamwini, mwamuna ndiye ankapita kumudzi kwa mkazi. Ukatsata abambo okhaokha, mibadwo itatu yokha njira yakuthera, chifukwa bambo aliyense anali wochokera mudzi wina. Amene amasunga ndondomeko yonse ndi mwini mbumba, amalume aja timangowakumbuka pa nikah ndi pa maliro. Onjezeraniponso kuti mnyamata akatuluka ku jando ankapatsidwa dzina latsopano, ndipo wina akapita ku Joni kapena ku Halale ankalembetsa dzina linanso. Munthu mmodzi, maina atatu.

Chinanso, tisamafulumire kunena kuti Myao aliyense anafika kuno ali kale Msilamu. Mafumu akuluakulu a kunyanja, kuyambira Makanjira, analowa Chisilamu cha m'ma 1870, pamene anthu a Kapeni anali atasamuka kale. N'chifukwa chake m'mabanja ena a Chiyao a ku Blantyre kuno mupeza Asilamu ndi Akhristu a agogo amodzi. Ambiri a ife ku Bangwe makolo athu anabwera pambuyo pake, njanji itafika mu 1908 ndipo Limbe atayamba kukula ndi ntchito za fodya. Ena anachokera ku Mangochi ndi ku Machinga, ena ndi Alhomwe amene anadutsa ku Mulanje.

Ine pofufuza ndimayamba ndi mafunso atatu kwa wamkulu aliyense wa kwathu: dzina la mayi awo, mudzi umene mayiwo anabadwira, ndi mwini mbumba wa nthawi imeneyo. Ndimajambula mawu pa foni, kenako nkulemba m'kope. Ku Zomba munthu ukapita uli ndi dzina la mudzi ndi la mfumu m'manja, mapepala aja amayamba kumveka.