LEV ARTSIMOVICH, MUNTHU AMENE ANALOLA ALENDO KUYESA NCHITO YACE

Ana a m'sukulu zathu za kuno ku Lundazi amafunsa kawirikawiri kuti moto wa dzuwa umasonkhezedwa ndi nkhuni zotani. Yankho lace ndi lakuti pakati pa dzuwa, pamene kutentha kumafika madigiri mamiliyoni 15, timbewu ta mpweya wa hydrogen timalumikizana ndi kusanduka helium, ndipo pakutero timatulutsa mphamvu yaikulu. Lev Artsimovich anatha zaka 22 alikufuna njira yokolezera moto wotere pansi pano, kuti anthu apeze magetsi.

Iye anabadwa ku Moscow pa 25 February 1909. Ubwana wace unali wa masautso cifukwa ca nkhondo ndi njala, komabe analimbikira, natsiriza maphunziro ace apamwamba ku Minsk mu 1928. Mu 1930 analowa nchito ku Leningrad pansi pa Abram Ioffe, ndipo mu 1944 anapita ku Moscow kukathandiza Igor Kurchatov pa nchito ya bomba la atomu. Mu 1951 anaikidwa kukhala mtsogoleri wa nchito yoweta moto wa dzuwa.

Bvuto lace linali ili. Mpweya ukatenthedwa kopambana umasanduka cinthu cochedwa plasma, conga cimene timaona m'cing'aning'ani. Ukakhudza khoma la mphika umazirala msanga, ndi kuononganso khomalo. Koma plasma imamvera maginito. Tsono Igor Tamm ndi Andrei Sakharov anaganiza za mphika wozungulira ngati nkhata yosenzera mtsuko, m'mene maginito angagwire plasma pakati osakhudza khoma. Makina otere anachedwa tokamak.

Mu 1952 anyamata a Artsimovich, poyesa makina a mtundu wina, anaona tizidutswa tochedwa neutron tilikutuluka. Ambiri anakondwa, poyesa kuti moto wa dzuwa wayaka. Mtsogoleri wao anakana kulengeza, nawauza kuti ayesenso. Ndipo kunapezeka kuti tizidutswato tinacokera ku kugwedezeka kwa plasma, osati ku kutentha kwace. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Angelezi anagwa m'mbuna yomweyo ndi makina ao a ZETA: analengeza cipambano mu January 1958, ndipo patapita miyezi yowerengeka anabweza mau ao.

Mu 1968, pa msonkhano wa ku Novosibirsk, a ku Russia ananena kuti makina ao a T-3 afika madigiri pafupifupi mamiliyoni 10. Akatswiri ambiri a ku America ndi ku Britain sanakhulupirire. Masiku amenewo maiko awa anali pa udani, ndipo kukanakhala kwapafupi kuyankha mwaukali. Koma Artsimovich anaitana Angelezi a ku Culham kuti adze ndi miyeso yao ya kuwala kwa laser, adzayese okha. Akanapeza colakwa, manyazi ace akanamveka dziko lonse. Iwo anayesa mu 1969, napeza kuti mau ace anali oona. Pofika 1970 a ku Princeton anali atasandutsa makina ao akulu kukhala tokamak, ndipo maiko ena anatsatira.

Artsimovich anamwalira pa 1 March 1973. Kufikira lero palibe mudzi umene umaunikidwa ndi magetsi a moto umenewu, koma makina akulu a ITER, amene maiko ambiri alikumanga pamodzi ku Cadarache m'dziko la France, ndi tokamak.

Aphunzitsi anzathu, ife tonse timadziwa kugunda kwa mtima pamene woyendera sukulu atsegula mabuku a ana athu, ndiponso ciyeso cakuonjezera mamalikisi kuti kalasi lioneke bwino. Munthu uyu anakayika nchito yace pamene anzace anali kuiyamika, naipereka kwa okayika pamene iye anali atatsimikiza. Tiyeni tiphunzitse ana athu kuwerengera kawiri asanakweze dzanja, ndipo ifenso tisaope mnzathu akapempha kuona m'mene tacongera.